Mchenga wa kwa Achemwali

Ku ntchito kwathu kuli chigayo chomwe ndimadana nacho ngati munthu. Chimakhala pakona, pafupi ndi uvuni, chachitsulo, chachifupi, ndipo chikayamba kulira simungamvane ndi munthu amene mwayandikana naye. Ntchito yake ndi kupera dothi. Dothi la m'minda, matope omwe anthu a paboti amavuula pansi pa nyanja yamchere ndi mapaipi, mchenga wa kugombe, zonse zikafika mu labotale yathu timaziumitsa mu uvuni, kenako n'kuzigaya mpaka zikhale ufa wofanana paliponse. Tikatero timatapa pang'ono, kuika m'kabotolo, kulowetsa m'makina otchingidwa ndi mtovu, ndipo makinawo amatiuza kuchuluka kwa cheza chomwe chili m'dothimo.

Cheza chomwe ndikunenachi si cha dzuwa ayi. Ndi chija chosaoneka, chosanunkha, chomwe chimatuluka m'zitsulo zina zapoizoni n'kumawotcha mnofu wa munthu mwakachetechete, matenda n'kudzaonekera patapita zaka. Ine ndinaphunzira zimenezi, ndipo ndi zomwe ndimadyera. Kwathu amanditchula kuti Namatope. Anayambitsa dzinali ndi achemwali anga aakulu, amene mpaka lero samvetsa kuti munthu angakhale pasukulu zaka zonsezo n'kukathera kuvala magolovesi, kumasewera ndi thope.

Chomwe ndimadanira nacho chigayocho n'chakuti chimanama osatsegula pakamwa. Kuseri kwa doko kunali fakitale kalekale, tisanabadwe. Inkapanga penti wowala mumdima, wopaka pa mawotchi ndi pa zida za m'ndege. Zinyalala zake ankaziwotcha, phulusa n'kutaya m'madzi. Fakitaleyo inagwa, pamalo pake panamera udzu, koma phulusalo silinapite kulikonse. Linasiya tinjere ting'onoting'ono, tina tochepa kuposa mchenga weniweniwo, tomwe ife timati tinjere tamoto. Kanjere kamodzi kotere kakhoza kubisala mu ndowa yathunthu ya mchenga wabwinobwino. Mukagaya ndowa yonseyo n'kuyeza, moto wake umagawikana mu ufa wonse, nambala n'kutuluka yaing'ono, yaulemu, ija timati avereji. Koma mwana sadya avereji. Mwana amatola chomwe chili pansi n'kuponya m'kamwa, ndipo kakakhala kanjere kamoto, kamalowa m'mimba mwake kathunthu.

Abwana athu, amene tonse timawatchula kuti a Zilibwino akakhala palibe, amachikonda chigayocho ngati mwana wawo woyamba. Ndi munthu wofatsa, wa malaya oyera, sanakalipirepo munthu, ndipo n'chifukwa chake amanditopetsa. Munthu wokalipa umadziwa pomugwira. Iwowa ukawapititsira moto amakupatsa mpando n'kukufunsa za kunyumba.

Ine ndiye ndili ndi kachizolowezi kanga komwe sikali m'malamulo a ntchito. Dothi likatuluka mu uvuni, ndisanalipereke ku chigayo, ndimayamba ndaliyala pathireyi n'kudutsitsapo kamakina kam'manja komwe kamalira kakamva cheza. Timakatchula kuti Nkhululu. Masiku ambiri Nkhululu imangoti tche, tche, mwaulesi, ngati ikuwodzera. Tsiku lomwe nkhaniyi inayamba ndinayala mchenga wochokera kugombe la kuseri kwa doko, ndipo Nkhululu inalira ngati yapondedwa.

Ndinatseka chitseko. Kupeza kanjere kamodzi m'thireyi yodzaza sikufuna nzeru, kumafuna kudekha, kuja amati ndi komwe kumaonetsa maso a nkhono. Umagawa mchengawo pakati, kuyeza mbali iyi, kuyeza mbali iyo. Mbali yomwe yakhala chete umaikankhira kutali. Yomwe ikulira umaigawanso pakati. Umapitiriza choncho, mulu n'kumachepa, kuchoka pa wodzaza manja kufika pa wodzaza supuni, khosi likuwawa, mpweya ukuugwira kuti usauluze kanthu. Pomaliza ndinatsala ndi tinjere towerengeka pagalasi. Ndinatitola kamodzikamodzi ndi selotepi mpaka Nkhululu inaloza mwini mlandu. Pa maikulosikopu, galasi lokuzira tinthu ting'onoting'ono, kanali konyansa, kakuda, kobookabooka ngati chidutswa cha khala. Ndinakayeza pakokha m'makina a mtovu aja. Chitsulo chilichonse chili ndi kalankhulidwe kake m'makinamo, ndipo aka kanayankhula mosabisa kuti kwawo ndi ku penti wa fakitale ija. Nambala yake inali yaikulu zoopsa.

Ndili chiimire pomwepo, ndinakumbukira lole ya alamu anga.

Achemwali ali ndi sukulu ya mkaka panyumba pawo. Anaiyamba atachotsedwa ntchito kusitolo komwe anagwirako theka la moyo wawo, ndipo anthu ankawaseka kuti akutsegula sukulu m'galaja. Anayamba ndi ana a anansi, mipando yobwereka, ndi zithunzi za nyama zojambula okha, njovu yooneka ngati nkhumba. Lero galajayo ili ndi mawindo, makolo amachita kupempha malo, ndipo achemwali akamadutsa mumsewu tiana timakuwa kuti "Anti! Anti!" iwo n'kumayenda ngati nduna. Mulungu sanawapatse ana awoawo. Sukuluyo ndiye mwana wawo, ndiye munda wawo, ndiye nkhani yokhayo yomwe amatha kukamba, kaya ndi pamaliro kaya ndi paukwati. Pakona ya bwalo, kuseri kwa katungwe, panali bokosi la mchenga lotchingidwa ndi matabwa, kukula kwake ngati bedi la anthu awiri. Mchengawo anabweretsa ndi amuna awo, alamu angawo, amene amayendetsa lole yonyamula zomangira. Ndinkakumbuka bwino akudzitama kuti anautapa kuseri kwa doko, komwe kulibe mlonda.

Sindinadikire nthawi yoweruka. Ndinaponya Nkhululu m'chikwama n'kukwera basi. Ndinafika ana ali m'tulo tawo tamasana, achemwali akutsuka makapu pampopi.

"Namatope, masana ano? Akuchotsa ntchito?"

"Ndabwera kudzaona mchenga wanu, achemwali."

"Anthu amabwera kudzaona abale awo, iwe ukudzaona mchenga. Moni ulibe?"

Ndinapereka moni wachidule n'kukagwada m'mbali mwa bokosilo. Munali timafosholo tapulasitiki, kagalimoto kopanda matayala, ndi timapazi todindika paliponse. Ndinayendetsa Nkhululu pang'onopang'ono, pafupi ndi mchenga. Inalira pakona. Nditasuntha inakhala chete, kenako inaliranso chapakati, pomwe wina anali atamanga kanyumba ndi kapu. Inaliranso kwina chapansipansi, kusonyeza kuti kena kali mkati ndithu. Ndinapsa mtima ndi anthu omwe sindinawaonepo, eni fakitale aja, amene anafa ndi ulemu wawo wonse n'kutisiyira ife phulusa.

Ndinawafotokozera achemwali mofatsa momwe ndikanathera. Ndinati mchengawo uli ndi tinjere toopsa, towerengeka chabe, koma mwana akameza kamodzi, kapena kakalowa pabala, ndi nkhani ina. Ndinati mwayi wathu ndi woti zonse zili m'bokosi limodzi, pamalo amodzi. Afunditsepo lona, atsinjizepo njerwa, mwana asayandikirepo, ndipo asakhudze kanthu mpaka nditabwera ndi anthu odziwa kuchotsa.

"Anthu ake ati?" anafunsa, kapu ili m'manja.

"A zaumoyo."

"A zaumoyo! Abwere pano ndi zovala zawo zoyera zija, ngati pafa munthu? Makolo aone? Iwe, ukudziwa kuti mayi mmodzi akangonong'oneza mnzake pagetipo, mawa lake ndilibe mwana olo mmodzi?"

"Nanga mwana akadwala mutsala ndi angati?"

"Wadwala ndani? Ana anga onse ndi onenepa. Kaone mkatimo."

"Sizidwalitsa lero, achemwali."

"Ndiye zidwalitsa liti? Chaka chamawa? Ukalosere kwina zimenezo."

Alamu anatulukira kuseri akupukuta girisi m'manja. "Mlamu, kachitsulo kakoko kali ndi njala, kapatse chakudya kasiye kulira. Ine mchenga umenewu ndinaunyamula ndi manja angawa. Taona, zala zonse zilipo khumi."

Tsiku lina ndikanaseka, chifukwa ine ndi alamu timanyozana kuyambira ndili mtsikana. Tsiku limenelo ndinawauza kuti akanakhala ndi nzeru zochuluka ngati zalazo sakanakatapa mchenga wa ana kudzala. Kuseka kunathera pomwepo. Komabe lona anafunditsa, akung'ung'udza, ndipo njerwa ndinaika ndekha.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Zilibwino, kanjere kanga kali m'kabotolo ka mtovu. Anandipatsa mpando. Anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, kenako anafunsa ngati mchenga wotsala wa kugombe uja ndaugaya.

"Sindinagaye, bwana."

"Ndondomeko yathu imati tigaye, mayi. Mubwezeremo kanjere kanuko, mugaye, tione nambala. Lipoti lathu limafuna avereji."

"Nambalayo ndikuidziwa kale. Ituluka yaing'ono."

"Ndiye zili bwino."

"Sizili bwino! Kanjere kali apa, mukukaona. Anzake ali m'bwalo la ana."

"Bwalo la ana silili pa ntchito yomwe anatipatsa. Ife anatituma kugombe." Anatero akumwetulira, ngati akundithandiza kuwoloka msewu.

Ndinakana kugaya. Tikukanganabe, kapena ndinene kuti ine ndikukangana iwo akugwedeza mutu, kunagogodedwa pachitseko. Anali achemwali, atavala diresi lawo la pamsonkhano wa makolo, chikwama chili m'khwapa. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati abwera kudzamva kwa akuluakulu eni ake, chifukwa mng'ono wawo amakonda kukuza zinthu kuyambira ali wakhanda.

A Zilibwino anasangalala. Palibe chomwe amakonda ngati munthu wamantha woti amukhazike mtima pansi. Anaitanitsa tiyi. Atabwera, anatapa shuga ndi supuni n'kuikweza m'mwamba ngati mphunzitsi.

"Mayi, shuga uyu mukamuika palilime yekha, wachuluka, si choncho? Ndikamuthira m'kapu umu, ali bwinobwino. Ndikamuthira mu ndowa, simungamumve n'komwe. Ife kuno timayeza ndowa yonse. Timaona kuchuluka kwa chinthu poyerekeza ndi dothi lomwe chilimo. Dothi likachuluka, nambala imatsika. Nambala ikatsika pansi pa malire, lamulo lilibe nanu mlandu."

"Shuga amasungunuka, bwana," ndinatero. "Kanjere aka sikasungunuka. Mukakathira mu ndowa kamakhalabe kathunthu, mwangokataya pomwe simungakapeze."

"Iwe, akuluakulu akulankhula," anatero achemwali.

"Achemwali, musamvere zimenezi, ndapota nanu."

"Kodi wophunzira kwambiri ndani, iwe kapena abwana akowa? Taona mapepala ali pakhomapo."

"Mng'ono wanuyu ndi wakhama kwambiri, timamunyadira," anatero a Zilibwino akutakasa tiyi. "Kungoti magazi akadali otentha."

Ine ndili ndi imvi zanga m'mutu, zina zomwe anandimeretsa ndi iwo omwewo. Ndinaluma mlomo mpaka kumva kukoma kwa magazi otenthawo. Achemwali anamwa tiyi wawo yense, anathokoza kawiri, n'kutuluka nkhope ikuwala, chikwama akuchigwedeza. Masana omwewo ndinamva chigayo chikulira. Wina anali atatumidwa kuti agaye mchenga wanga uja, ndipo lipoti linatuluka lonena kuti gombe la kuseri kwa doko lili pansi pa malire. Kanjere kokha sanakapeze, chifukwa kabotolo ka mtovu ndinali nditakatsekera m'kabati yanga.

Ndinasiya kulimbana ndi a Zilibwino. Ndinapempha tchuthi, n'kuyamba kuyenda m'maofesi ndi kabotolo kolemerako m'chikwama, phewa likupendekeka. A zamadzi anati mchenga si madzi. A zanthaka anati poti wachokera kunyanja si wawo. A padoko anati chinthu chikangotuluka pageti lawo sachidziwa. Wina anandiuza kuti ndibwere ndi lipoti la labotale yathu, ndipo ndinachita kudzigwira kuti ndisamuuze komwe angaliike lipotilo. Ndinakhala pamabenchi mpaka kudziwa mlonda amene amadya mtedza ndi amene amagona. Paliponse ankandiyang'ana ngati wamisala, ine n'kumadzitonthoza kuti wamisala ndi amene anaona nkhondo.

Potsiriza ndinagwera mu ofesi ya mayi wina wa zaumoyo, wamfupi, wa mawu okhuthala, amene sanandipatse mpando. Ndinamukonda nthawi yomweyo. Ndinatsegula kabotolo patebulo pake n'kuyandikizapo Nkhululu. Italira, anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

"Tsekani. Bokosilo ndi lalikulu bwanji?"

"Ngati bedi."

"Ana akuseweramobe?"

"Tinafunditsa lona."

"Ndiye ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Tikumba, tithira m'migolo, tiyeza pozungulira, basi."

Pamenepo ndinayamba kuchonderera, ine amene sindidziwa kuchonderera. Ndinapempha kuti tipite Loweruka, ana kulibe. Ndinapempha galimoto yopanda chizindikiro. Ndinapempha kuti makolo adzauzidwe mofatsa ntchito itatha, bwalo lili loyera, dokotala ali pomwepo woti aone ana n'kuyankha mafunso, kuti Lolemba sukulu idzatsegule ngati kale. Mayiyo anati iyenso ali ndi mkulu wake wosamva, ndipo anavomera. Ndinatuluka mu ofesimo ndili wonyada. Ndinali nditapulumutsa ana, sukulu ndi ulemu wa achemwali pa ulendo umodzi, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu oti ndidzawanyozere nawo zonse zikadzatha.

Masiku onsewo achemwali sankayankha foni yanga. Ndinaimbira alamu.

"Lona akadalipo?"

"Usadandaule mlamu, zonse zili m'manja."

"Tikubwera Loweruka m'mawa. Muwauze."

"Bwerani, mudzaone."

Ine ndinayesa mtendere.

Loweruka tinafika ndi galimoto yathu yopanda chizindikiro, migolo ili kumbuyo, ine, mayi wa zaumoyo ndi amuna awiri okumba. Geti linali lotsegula. Ndinatsika, kuyenda pang'ono, n'kuima.

Bwalo lonse linali mchenga. Kuyambira pageti mpaka pakhomo la khitchini, pansi pa katungwe, kuzungulira mpopi, m'mbali mwa galaja, mpaka m'maluwa, mchenga woyera, wosalazidwa bwino, mizere ya chopalasira ikuonekabe. Pomwe panali bokosi panalibe bokosi. Matabwa ake anali atayedzamitsidwa kukhoma, lona atapindidwa pamwamba pake, njerwa zanga zija zitasanjidwa bwinobwino pambali.

Achemwali anatuluka m'nyumba akumwetulira ngati munthu amene wakhoza mayeso. Maso anali ofiira ndi kutopa, m'manja muli matuza.

"Takulandirani. Pepani mwavutika ndi migolo yanu. Takonza tokha."

"Mwatani, achemwali?"

"Alamu ako abweretsa mchenga watsopano, wa kumtsinje, wogula, osati wotola. Tasakaniza ndi wakale uja, fosholo iyi, fosholo iyo, dzulo ana ataweruka mpaka dzuwa kulowa. Ine ndemwe ndimayang'anira, palibe pomwe patsala. Dothi likachuluka nambala imatsika, si choncho? Yeza. Yeza pamaso pa anzakowa."

Mayi wa zaumoyo anandiyang'ana. Ine ndinatembenukira kwa achemwali.

"Ndinati musakhudze! Ndinaika njerwa ndi manja angawa! Mumayesa ndikukongoletsa?"

"Usandikalipire pakhomo panga."

"Zinali m'bokosi! Zinali pamalo amodzi! Bwenzi pofika masana titatha, Lolemba ana akulowa! Ndayenda tawuni yonse ngati wopempha mchere chifukwa cha inu, inu muli kuno mukumwaza!"

"Chifukwa cha ine? Iwe umafuna kundibweretsera migolo pakhomo, anthu aziti kwa Anti kuli poizoni. Abwana ako andipatsa nzeru mwaulemu, ndi tiyi yemwe. Iwe wandipatsa chiyani kupatula mantha?"

"Mlamu," anatero alamu, atatulukira kuseri kwa lole, "yamba wayeza kaye, ukalipe pambuyo."

Ndinavala magolovesi n'kuyatsa Nkhululu. Ndinayambira pageti, nditawerama, ndikuyenda ngati nkhalamba, kamakina kali pafupi ndi pansi. Tche, tche. Ndinadutsa mzere woyamba mpaka kumpanda, n'kubwerera wachiwiri. Tche, tche.

"Mwamva?" anatero alamu kwa amuna okumba aja. "Kagona. Kakhuta."

Achemwali anapinda manja pachifuwa. Ndikunena zoona, m'moyo wanga wonse sindinafunepo kukhala chitsiru ngati mmene ndinafunira nthawi imeneyo. Ndinkapemphera kuti andiseke, andinene pamaliro ndi paukwati mpaka kalekale, bola kamakinako kakhale chete.

Inalira pansi pa katungwe, pomwe timapazi timakhula pansi mwana akafuna kuima. Mmodzi wa amuna aja anazikapo kambendera kofiira. Inalira pafupi ndi mpopi. Inalira m'maluwa. Inalira pakhomo la galaja, pomwe ana amavulira nsapato. Timbendera tinachuluka kuposa tinjere tomwe ndinamva tsiku loyamba lija, chifukwa fosholo inali itavuula ndi ta pansi penipeni tomwe. Pakhomo la khitchini ndinaona mchenga utalowa mkati ndi mapazi, n'kutsata khonde mpaka pa kapeti. Ndinayandikizapo Nkhululu, ndipo inaliranso. Alamu anakhala pa sitepe ya lole yawo, chipewa chili m'manja.

Mayi wa zaumoyo ndi amene anawauza achemwali ndi alamu, ndipo mawu ake okhuthala aja anawafewetsa momwe akanathera. Anati bwalo lonse litsekedwa. Fosholo iliyonse ya mchenga iyenera kuyezedwa payokha, dothi la pansi pake likumbidwe, nyumba ndi galaja ziyezedwe chipinda ndi chipinda, lole ndi wilibala zomwe. Si ntchito ya m'mawa umodzi tsopano, ndi ya miyezi. Eni nyumba atuluke ndi zokhazo zomwe zayezedwa. Makolo auzidwe lero lomwe, chifukwa timbendera tofiira sitibisika.

"Miyezi?" anatero achemwali. "Nanga ana?"

"Ana sangalowe muno, mayi."

"Miyezi ana akakhala kuti? Makolo awo amapita kuntchito. Akawapititsa kwina, sabwereranso."

Zinali zoona.

Anayala chipepala chapulasitiki panja pa geti, kuti aliyense amene waponda m'bwalomo ayezedwe asanapite kulikonse. Anansi anali atayamba kutuluka m'mageti mwawo, ena ndi misuwachi m'kamwa, ena atanyamula ana omwe ndinkawadziwa nkhope. Achemwali anaima papulasitikipo, ine ndinagwada patsogolo pawo. Ndinayeza diresi, manja, tsitsi. Pa silipasi ya kumanzere Nkhululu inalira.

"Vulani," ndinatero.

Anavula zonse ziwiri. Ndinaziika m'thumba n'kumanga. Anatsala chiimire opanda nsapato, mumsewu, pamaso pa anthu omwe amawapatsa moni wa ulemu tsiku ndi tsiku. M'kamwa mwanga munali modzaza mawu, ena oipa kwambiri, ndipo onse anali owayenera. Koma ndinaona mapazi awo atatupa ndi ntchito ya dzulo lake, ndipo ndinangoika thumba lija pambali.

"Namatope," anatero motsitsa, "taimba foni kwa abwana ako aja. Abwere adzawauze anthuwa zomwe anandiuza ine. Iwo awamvera."

Ndinaimba. Ndinakweza mawu a foniyo kuti amve okha. A Zilibwino anayankha mwansangala, wailesi ikuimba kumbuyo kwawo. Ndinawafotokozera zonse mwaukali, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto monga mwa nthawi zonse.

"Aa, pepani kwambiri," anatero. "Pepani ndithu. Koma ine ndimanena za lipoti lathu, mayi, sindimanena za bwalo lanu. Sindinauze munthu kuti akasakanize kanthu. Tikambirane Lolemba, mitima itazizira."

Foni inaduka. Achemwali anaiyang'anabe m'manja mwanga ngati ilankhulanso.

"Lolemba," anatero, osati kwa ine. "Lolemba ana amafika ndisanamalize n'kusesa komwe."

Anatembenuka n'kuyang'ana bwalo lawo losalala, pomwe amuna aja ankamanga tepi yofiira kuchokera pageti mpaka kumpanda.

"Udzaime pano ndiwe, uwabweze. Ine sindingathe. Amene adzalire kwambiri ndi kamtsikana ka chikwama chachikasu. Usadzakakalipire."